Bandeji imasinthidwa, mtima ukumira m'madzi: nkhani ya mayi wina ntchito yathu itapita m'manja mwa kampani

Lipoti ili ndi la mayi wina wa zaka za m'ma 80 amene anagonekedwa m'chipatala mtima wawo utalephera kupopa bwino magazi. Izi zinachitika patangopita miyezi yochepa magulu atatu a anamwino oyendera okalamba m'makomo ataphatikizidwa n'kuperekedwa m'manja mwa kampani. Ndine namwino, ndipo ndinali m'limodzi mwa magulu atatuwo. Ndalembera anzanga amene ntchito yawo ili pafupi kuphatikizidwa kapena kugulitsidwa, chifukwa pa mayiwa panalibe ulendo ndi umodzi womwe umene unaphonyedwa. Mabuku a kampani akusonyeza kuti aliyense anafika, anachita zimene anatumidwa, n'kunyamuka. Komabe mayiwa anangotsala pang'ono kutisiya.

Mayiwa ndi chisamaliro chawo zinthu zisanasinthe

Mayiwa ndi amasiye, pa nthawiyo ankakhala okha, ndipo mutu wawo unkagwira bwinobwino. Mwana wawo wamwamuna amakhala kutali, ankawayendera akapeza mpata kumapeto kwa sabata. Mavuto awo aakulu anali atatu: mtima wofooka, matenda a shuga, ndi chilonda cha pamwamba pa kakolo wa mwendo wamanzere, cha mtundu uja umene umabwera mitsempha yobweza magazi kuchokera m'miyendo ikatopa. Ankamwa furosemide m'mawa kuti atulutse madzi m'thupi, ramipril ndi bisoprolol za mtima, metformin wa shuga, ndi paracetamol ululu ukakula. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, moti kabokosi ka mankhwala sankatha kutsegula okha.

Gulu lathu linali la khonsolo, ndipo linali laling'ono. M'mawa uliwonse tisanabalalike tinkakumana kwa mphindi zochepa kuuzana za odwala. Mayiwa ankaonedwa ndi anthu atatu kapena anayi omwewo. Wothandiza kusamalira ankafika cha m'ma 8 koloko, kuwathandiza kusamba, kuwakweza pasikelo, kulemba kulemera kwawo m'kope la pambali pa bedi, n'kudikira mpaka amwe mankhwala. Namwino ankabwera kawiri pa sabata kudzatsuka chilonda ndi kumanga bandeji yofinya mwendo.

Za sikelozo zinachokera kwa namwino wa matenda a mtima wa kuchipatala. Lamulo lake amalidziwa aliyense amene anasamalirapo mtima wofooka: wodwala ayezedwe m'mawa uliwonse atakodza, asanadye, ndipo akakwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, dokotala adziwe tsiku lomwelo. Madzi amayamba kuonekera pasikelo asanafike m'mapapo. Malangizowa analembedwa m'fayilo ya mayiwa, pamalo pamene namwino amalembapo m'mawu akeake. Pansi pake mnzathu wina anawonjezera kuti mayiwa amaopa kwambiri kudzikodzera ndi kugwa, choncho furosemide azimwa m'mawa kwenikweni, osati dzuwa litakwera.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Loweruka ndi Lamlungu tinkaperewera. Mmodzi akadwala, gulu lonse linkatsimphina. Okalamba ena ankadikira nthawi yaitali kuti tiyambe kuwayendera, pamene gulu loyandikana nalo linali ndi mpata. Amene anaganiza zophatikiza magulu anali ndi zifukwa zomveka, ndipo ine ndinali m'gulu la ogwirizana nazo.

Kusintha kunabwera kawiri

Poyamba khonsolo inaphatikiza magulu atatu kukhala limodzi: ofesi imodzi, nambala ya foni imodzi, mndandanda umodzi. Chaka chisanathe, ntchito yonse inalengezedwa kuti makampani apikisane, ndipo inapita kwa imene inatchula mtengo wotsika. Ambirife tinasamutsidwira kukampaniko. Ena, makamaka okhalitsa, anapuma pa ntchito kapena kupita kwina, ndipo m'malo mwawo munalowa aganyu ochokera ku mabungwe obwereketsa antchito.

Njira imeneyi mayiko ambiri anadutsamo. Ku England, lamulo la mu 1990 lotchedwa NHS and Community Care Act linachititsa kuti makhonsolo azigula chisamaliro kwa ena m'malo mochipereka okha, ndipo lero chisamaliro chochuluka cha m'makomo kumeneko chili m'manja mwa mabungwe omwe si aboma. Denmark inalola okalamba kusankha kampani yowathandiza m'nyumba kuyambira mu 2003, ndipo Sweden inakhazikitsa lamulo lolola makhonsolo kuchita chimodzimodzi mu 2009. Ngozi zake zinaonekanso. Ku Netherlands, Meavita, chimphona cha chisamaliro cha m'makomo chimene chinabadwa mu 2007 mabungwe angapo ataphatikizana, chinagwa mu 2009 chili ndi antchito pafupifupi 20,000. Ku England mu 2018, bungwe loyang'anira chisamaliro la Care Quality Commission linachenjeza makhonsolo kuti kampani ya Allied Healthcare ikhoza kulephera kupitiriza ntchito. Nkhani zoterezi zimamveka chifukwa kampani yagwa kapena yatekeseka. Ya mayiwa ndi ya kampani imene sinagwe, imene inkakwaniritsa zonse zolembedwa mu kontirakiti.

Kontirakitiyo inkalipira ulendo uliwonse malinga ndi mphindi zake ndi ntchito zolembedwa. Wantchito akafika pakhomo ankadina pafoni, pochoka n'kudinanso. Mndandanda unkapangidwa ndi kompyuta, yomwe inauzidwa kuti ifupikitse mtunda wa pakati pa nyumba ndi nyumba. Zoti ndani amadziwana ndi wodwala uti sinauzidwe. Msonkhano wa m'mawa unatha popeza panalibe woulipira, ndipo aliyense ankanyamukira kwawo kulunjika kwa wodwala woyamba. Mafayilo a magulu atatu aja, ena a m'mapulogalamu osiyana, ena a m'mapepala, anasamutsidwira m'pulogalamu ya kampani.

Kwa mayiwa, ulendo wa m'mawa unakhala wa mphindi 20, wokhala ndi ntchito ziwiri: kusamba ndi kukumbutsa mankhwala. Nthawi yake inali iliyonse pakati pa 8 koloko ndi 12 koloko. Ine ndinapatsidwa dera lina ndipo ndinasiya kuwaona.

Zizindikiro zoyamba

Zimene ndikufotokoza m'gawo lino ndinazipeza pambuyo pake powerenga mafayilo.

Chizindikiro choyamba chinali bandeji yonyowa. Namwino wina analemba kuti madzi a pachilonda achuluka mpaka kudutsa bandeji. Amene anabwera pambuyo pake anaitanitsa mapadi oyamwa madzi ambiri. Wachitatu anapempha kuti chilonda chizimangidwa tsiku lililonse, ndipo pempho lake linavomerezedwa msanga, popeza kumanga chilonda ndi ntchito imene kontirakiti imaidziwa. Kenako kunalembedwa kuti mwendo wakumanja, wopanda chilonda uja, nawonso watupa, wafiira ndipo ukuchucha. Dokotala anaimbiridwa foni, anauzidwa za miyendo yokha, ndipo analemba maantibayotiki poganiza kuti ndi matenda a pakhungu.

Apa ndikupempha anamwino anzanga amve bwino. Matenda a pakhungu otchedwa cellulitis kawirikawiri amagwira mwendo umodzi. Miyendo yonse iwiri ikatupa, ikafiira ndi kuchucha pa munthu wa mtima wofooka, funso loyamba lizikhala la mtima, osati la tizilombo. Dokotalayo anayankha funso limene anafunsidwa. Anamwinowo nawonso sanali osadziwa ntchito: mabandeji awo anali omangidwa bwino ndipo zolemba zawo zinali zaukhondo. Koma aliyense ankaona miyendoyo koyamba kapena kachiwiri. Panalibe amene akanatha kunena kuti mwendo uwu mwezi watha sunali chonchi.

Nthawi yomweyo othandiza kusamalira ankalemba zawo: atopa, adya pang'ono, akana kusamba, ndawapeza atakhala pampando. Mawu akuti pampando anabwerezedwa masiku ambiri ndi anthu osiyanasiyana. Zolemba zimenezi zinkakhala tsamba lina la pulogalamu, limene namwino wotumidwa chilonda salitsegula pokhapokha atachita kulifuna. M'sabata zimenezo pakhomo pa mayiwa panafika anthu oposa khumi.

Tsiku limene ndinawaona

Ndinafika kwa mayiwa Lamlungu lina pogwirizira mnzathu amene anadwala. Pafoni panga panalembedwa kuti kumanga chilonda, mphindi 30.

Ndisanakhudze mwendo ndinaona kuti si munthu amene ndinamusiya. Anali pampando wa pabalaza, bulangete lili m'miyendo, mapilo kumsana, ndipo mawu ochepa a moni anawadula kawiri kuti apume. Bedi linali loyalidwa ngati la mlendo amene sanabwere.

"Agogo, mukugona pati masiku ano?"

"Pompano, mwana wanga. Ndikagona pabedi mpweya umandithawa."

"Zayamba liti?"

"Papita nthawi. Ndimati ndi ukalamba."

Ankapuma ka 26 pa mphindi, oxygen m'magazi inali pa 90 peresenti atangokhala, ndipo mtima unkagunda mothamanga. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa. Pomvetsera pachifuwa, m'munsi mwa mapapo onse awiri munkamveka madzi. Kutupa kunali kutadutsa mawondo mpaka m'ntchafu, ndipo ndikadina ndi chala pankatsala dzenje. Sikelo ndinaipeza pansi pa bedi. M'kope muja, tsiku lomaliza kulembedwa linali la sabata imene kampani inayamba ntchito. Nditawathandiza kukwera pasikelo, anali atawonjezera makilogalamu pafupifupi 6, pamene kudya ankadya pang'ono.

Kabokosi ka mankhwala kanali kopanda kanthu m'zipinda zonse zoyenera. Koma pashelefu, kuseri kwa chithunzi, panali kapu yokhala ndi mapiritsi ang'onoang'ono oyera, onse a mtundu umodzi. Anali furosemide. Pambali pa mpando panali paketi ya ibuprofen, yotsala pang'ono kutha.

Sindinawakalipire, ndinangokhala pansi n'kuwafunsa. Anafotokoza mwamanyazi, maso ali pansi. Ulendo wa m'mawa utayamba kufika cha m'ma 11 kapena 12 koloko, mankhwala nawo anayamba kumwedwa nthawi imeneyo, popeza kabokosi sankatsegula okha. Furosemide amagwira ntchito maola pafupifupi 6. Akamwedwa 8 koloko, pofika masana amakhala atatha mphamvu. Akamwedwa 12 koloko, amamufikitsa munthu madzulo, atatopa, kunja kukuyamba kuda. Tsiku lina madzulo mayiwa sanafike kuchimbudzi nthawi yabwino, anaterereka pamkodzo wawo womwe, ndipo anakwawa mpaka pampando. Sanauze munthu. "Ndikanauza ndani?" anatero. "Amene wabwera lero, mawa kukubwera wina. Zoterezi sungauze mlendo." Kuyambira pamenepo, wothandiza akawapatsa mapiritsi m'manja n'kutembenuka kukachita zina, ankamwa onse kupatula kakang'ono koyerako. Pafoni pankadinidwa kuti mankhwala akumbutsidwa, ndipo zinali zoona, anakumbutsidwadi.

Ibuprofen anagula ndi mwana wawo ataona mayi ake akulira ndi ululu wa chilonda chotsukidwa tsiku ndi tsiku. Mankhwalawa amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amafooketsa mphamvu ya okodzetsa, ndipo akakumana ndi ramipril amapweteka impso. Mwanayo anandiuza pambuyo pake kuti anaimba nambala ya ofesi kufunsa ngati angawapatse, wolandira foni analemba uthenga, koma sanaimbiridwenso. Kale akanangoimbira namwino amene ankamudziwa dzina.

Zimene ndinasankha kuchita

Choyamba ndinamasula bandeji yofinya ija n'kungophimba chilonda. Bandeji yotere ndi mankhwala enieni a chilonda cha mitsempha, ndipo pamene ABPI, muyeso woyerekeza mphamvu ya magazi pa kakolo ndi ya pamkono, ili pakati pa 0.8 ndi 1.3 timamanga mosakayika. Koma ntchito yake ndi kukankha madzi kuchoka m'mwendo kubwerera m'thupi, ndipo mtima umene walephera kale sungalandire katundu wina.

Chachiwiri chinali chovuta: kuchipatala kapena kunyumba. Mayiwa anakana. "Bambo awo a mwana uja analowa m'chipatala sanatulukemo," anatero. Ankamvetsa bwino zimene ndinkawauza, ankazikumbukira ndi kuziyeza, choncho ufulu wokana anali nawo ndipo sindikanawakakamiza. Ndinagwira njakata kwa kanthawi, chifukwa inenso ndimadziwa zimene chipatala chimachita kwa okalamba: amalowa akuyenda, amatuluka akugwiriza.

Ndinaimbira dokotala wa tsikulo, tinakambirana ngati tingangowonjezera furosemide kunyumba komweko. Tonse tinaona kuti sizotheka. Momwe impso zinalili sitikanadziwa popanda kuyeza magazi, ndipo munthuyu anali atamwa ibuprofen pamwamba pa ramipril ndi metformin. Matumbo akatupa ndi madzi, furosemide wakumwa salowa bwino m'thupi, amafunika wa mumtsempha. Oxygen inali yotsika, ndipo usiku akanakhala okha. Zifukwa zimenezi ndinawauza mayiwa mosabisa, kuphatikizapo zoti akakhala akhoza kubanika usiku popanda wowathandiza. Kenako ndinaimbira mwana wawo n'kuwapatsa foni. Analankhulana nthawi yaitali. Pomaliza anavomera, atandilonjezetsa kuti ndikalankhula ndi achipatala kuti awabweze kunyumba kwawo, osati kwina.

Tili mkati mwa zimenezi, ofesi inaimba kufunsa chifukwa chake sindinadine zotuluka pamene mphindi 30 zatha. Nditafotokoza, wogwirizanitsa maulendo anagawira ena odwala anga otsala mosanyinyirika. Ndikutchula izi chifukwa anthu a muofesimo sanali ouma mtima. Kompyuta inkawaonetsa mphindi, ndiye ankafunsa za mphindi.

Kuchipatala anapeza madzi m'mapapo ndi impso zovulala. Anasiyitsa ibuprofen ndi maantibayotiki, anaimitsa kaye ramipril ndi metformin, n'kuyamba furosemide wa mumtsempha. Madzi anatsika, koma m'masiku oyambirira mayiwa anasokonezeka mutu, osazindikira kumene ali, ndipo anazula drip kawiri. Anakhalamo pafupifupi sabata ziwiri.

Kumene malangizo anasowera

Ali m'chipatala ndinapempha kuona fayilo yonse pakompyuta ya muofesi. Malangizo a sikelo ndi a nthawi ya furosemide ndinawapeza, sanafufutidwe. Posamutsa mafayilo, zonse zokhala ndi bokosi lake, monga dzina, matenda, mankhwala ndi ntchito zoti zichitike, zinalowa m'mabokosi a pulogalamu yatsopano. Zolembedwa m'mawu a namwino zinalibe bokosi, choncho zinajambulidwa n'kumatidwa kumapeto kwa fayilo ngati chithunzi. Chithunzicho chinkatseguka pakompyuta ya muofesi, koma pafoni ya wantchito amene waima pakhomo sichinkaoneka.

Kuyeza pasikelo sikunalembedwepo ngati ntchito payokha chifukwa m'gulu lakale sikunkafunika kulembedwa: anthu anayi aja ankadziwa. Mayiwa anandiuza kuti sabata yoyamba anamufunsa wothandiza wina za sikelo. Iye anayankha mwaulemu kuti sizili pamndandanda wake koma akafunsa. Mawa lake kunabwera wina.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Gulu laling'ono limene lakhala nthawi limasunga nzeru zambiri m'mitu ya anthu, osati m'mabuku. Mafayilo athu ankaoneka okwanira chifukwa owerenga ake ankadziwa kale zotsalazo. Anthu aja atabalalika, fayilo inatsala yokha, ndipo yokhayo sinali yokwanira. Okonza zophatikiza anawerenga magalimoto, maofesi, malipiro ndi chiwerengero cha odwala. Kusamutsa odwala anakutenga ngati ntchito ya akalaliki ndi akatswiri a makompyuta. Koma wodwala akamachoka m'manja mwa namwino uyu kupita kwa uyo, imeneyo ndi ntchito ya chipatala, ndipo ngozi zake n'zofanana ndi za wodwala wotuluka m'wodi. Kusiyana kwake n'koti apa odwala mazanamazana anasamuka usiku umodzi.

Msonkhano wounika zomwe zinachitika

Pamsonkhano panali bwana wa dera wa kampani, nthumwi ya khonsolo, namwino wa matenda a mtima uja, ine, ndi mwana wa mayiwa. Bwanayo anabwera ndi lipoti lochokera m'pulogalamu: maulendo onse anachitika, onse m'nthawi yololedwa, ntchito zonse zinadinidwa. Sankanama ndipo sankadzitchinjiriza. Anali wodabwa moona mtima kuti lipoti loyera chonchi likugwirizana bwanji ndi munthu amene ali pa oxygen.

Mwana wa mayiwa ndi amene anafunsa funso limene linatembenuza msonkhano. Anayang'ana tonsefe n'kunena kuti, "A nesi, abwana, ndingofunsa chimodzi. Mwa anthu onse amene ankabwera aja, namwino wa amayi anali uti?" Panalibe yankho, chifukwa udindo umenewo mu kontirakiti munalibe.

Ine ndinanena kuti tisafunefune munthu womuloza chala, tiyang'ane chimene khonsolo inagula. Inagula ntchito zodukaduka ndi mphindi, ndipo inalandira zomwezo. Malangizo a mu 2015 a NICE, bungwe la ku England lopereka malangizo a zaumoyo ndi chisamaliro, okhudza chisamaliro cha m'makomo amanena kuti ulendo wosakwana mphindi 30 uzichitika pokhapokha ngati wodwala akumudziwa wantchitoyo, ulendowo uli mbali ya chisamaliro chokulirapo, ndipo nthawi ikukwanira ntchitoyo. Ulendo wa mphindi 20 wa mayiwa unalephera mfundo yoyamba yomweyo. Ndinatchulanso kafukufuku amene Denis Pereira Gray ndi anzake anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya BMJ Open mu 2018: mwa kafukufuku 22 amene anaunika, 18 anasonyeza kuti odwala oonedwa ndi dokotala yemweyo nthawi ndi nthawi amamwalira mocheperapo. Kafukufukuyo ndi wa madokotala, koma chifukwa chake ndi chomwe tinachiona pa mayiwa. Munthu amene amakudziwa amaona kusintha, ndipo iwe umamuuza zimene mlendo sungamuuze.

Nthumwi ya khonsolo inafunsa ngati ndikutanthauza kuti ntchitoyi ibwerere m'boma. Yankho langa ndi lomwe ndikadali nalo. Mwini ntchito yekha si amene amapangitsa chisamaliro kukhala chabwino kapena choipa. Buurtzorg, imene Jos de Blok anayambitsa ku Netherlands mu 2006, si ya boma, koma imagwira ntchito ndi magulu a anamwino osapitirira 12 amene amadziyendetsa okha m'dera laling'ono, ndipo namwino yemweyo amatsuka chilonda, kupereka mankhwala ndi kusambitsa. Komabe sindingabise kuti mpikisano wa mtengo umayamba kudula zinthu zosaoneka pa lipoti: msonkhano wa m'mawa, nthawi yowerenga fayilo, mphindi zisanu zokhala pansi ndi wodwala. Ndipo kontirakiti ikamalengezedwanso zaka zingapo zilizonse, kudukiza kumene kunavulaza mayiwa kumabwerezedwa nthawi iliyonse. Umenewu ndi mtengo wa njirayi, ndipo amaulipira ndi odwala ofooketsetsa, amene sadandaula.

Zimene tinapeza ndi zimene sitinapeze

Kampani inavomera zambiri, ndipo ndikuiyamikira. Wodwala aliyense wa matenda ovuta anapatsidwa namwino wake wodziwika dzina, wokhala ndi udindo wowerenga zolemba zonse, za othandiza zomwe, kamodzi pa sabata. Kompyuta inauzidwa kuti kwa odwala oterowo izisankha m'kagulu ka antchito ochepa ngakhale mtunda utalike. Mankhwala amene nthawi yake ndi yofunika anapatsidwa ola lenileni. Kuyeza pasikelo kunakhala ntchito yokhala ndi bokosi lolembamo nambala, osati longodina. Kwa mayiwa, kukumbutsa mankhwala kunasinthidwa kukhala kuona kuti amwa, ndipo tinawauza iwo eni chifukwa chake.

Tinapemphanso nthawi yotsegula zithunzi zonse zomatidwa zija, kuyambira ndi odwala mtima, obaya insulin, omwa warfarin ndi a matenda a Parkinson. Tinapezamo zina. Bambo wina wa Parkinson anali atayamba kuuma thupi ndi kugwaigwa chifukwa mankhwala ake a levodopa ankachedwa maola awiri kapena atatu, ndipo banja linkaganiza kuti matenda akula. Mayi wina ankamangidwa ndi mtundu wa bandeji umene fayilo yakale inaletsa chifukwa umawatupitsa khungu. Kwa anzanga amene kusamuka kukubwera, ntchito imeneyi ichitike tsiku losamuka lisanafike, ndipo aichite ndi anamwino amene akuwadziwa odwalawo asanabalalike. Musakhutire mukauzidwa kuti mafayilo onse asamuka. Tengani foni imene wantchito adzanyamule, tsegulani fayilo ya wodwala amene mumamudziwa bwino, muone ngati zimene zili m'mutu mwanu zikuoneka pamenepo. Ndipo odwala ovuta aperekedwe pakamwa, namwino ndi namwino, makamaka m'nyumba ya wodwalayo iye akumva.

Msonkhano wa m'mawa uliwonse sitinaupeze. Kampani inati khonsolo siulipira, khonsolo inati kontirakiti inasainidwa kale. Tinangopatsidwa theka la ola kamodzi pa sabata.

Zotsatira kwa mayiwa

Anabwerera kunyumba kwawo monga ndinawalonjeza, ndipo ine ndinakhala namwino wawo. Anatuluka ofooka, akuyenda ndi chogwirira cha miyendo inayi, ndipo kusokonezeka mutu kunatenga sabata zingapo kuti kutheretu. Impso zinachira koma sizinabwerere pomwe zinali, choncho metformin anachepetsedwa ndipo ramipril anayambidwanso pang'onopang'ono. Ululu wa chilonda tinaulimbana nawo ndi paracetamol wa nthawi yake ndi mapadi osamatirira, ndipo mwana wawo tinamupatsa mndandanda wa mankhwala oti asagule. Mtima utakhazikika tinayezanso ABPI n'kuyamba bandeji yofinya mopepuka, mwendo umodzi kaye, tikuyang'anira kapumidwe ndi sikelo. Chilonda chinachepa kwambiri koma sichinatsekeke.

M'miyezi yotsatira sikelo inakwera kawiri kupitirira makilogalamu 2. Nthawi zonse ziwiri wothandiza anandiimbira m'mawa womwewo, ine ndinaimbira namwino wa mtima, furosemide anawonjezeredwa kwa masiku ochepa, ndipo nkhani inathera kunyumba.

Mtima wawo unali wofooka kale ndipo ukanapitirira kufooka ngakhale magulu akanapanda kuphatikizidwa. Koma kugonekedwa kuja kukanapeweka, ndipo mphamvu zimene anataya m'chipatala sanazipezenso. Sanayendenso panja okha. Chaka chisanathe, kudzuka usiku kunayamba kuwakanika, ndipo iwo ndi mwana wawo anasankha nyumba yosamalira okalamba yapafupi ndi kumene mwanayo amakhala. Namwino wa kumeneko ndinamupatsira pafoni, ndipo za sikelo, za nthawi ya furosemide ndi za mantha awo a kugwa ndinazinena pakamwa ndisanatumize fayilo.

Kontirakiti ya dera lathu ilengezedwanso chaka chamawa. M'chikalata chimene khonsolo yakonza, mfundo ya namwino wodziwika dzina yalowamo. Ya kapatsidwe ka odwala kampani ikasintha mulibe. Anamwino a gulu lathu talembera khonsolo kupempha kuti iwonjezere mfundo yoti mwezi womaliza wa kampani yotuluka ndi woyamba wa yolowa, anamwino a mbali ziwirizi aziyendera limodzi odwala ovuta, ndipo nthawi imeneyo izilipidwa.